Ndalama zoyendetsera nyimbo mu mpingo zizichokera kuti?

Bambo Chikopa (Zingwangwa): Moni nonse abale ndi alongo. Mwezi uno mipingo yambiri ikukonza bajeti ya chaka chamawa, ndiye ndati ndifunse pagulu pano. Alipo amene kumpingo kwawo bajeti ili ndi mzere wolembedwa kuti nyimbo kapena kwaya? Kwathu chitukuko chilipo, mpanda ulipo, mafuta a galimoto alipo, madzi ndi magetsi zilipo, ngakhale tiyi wa alendo analembedwa. Za nyimbo palibe. Chonsecho pa mapemphero a Lamulungu nthawi yaikulu timakhala tikuimba. Kiyibodi ikawonongeka akuti kwaya ione chochita. Yunifolomu, kwaya isonkhe. Tikatumidwa kukaimba ku msonkhano m'dzina la mpingo, minibasi tilipire tokha. Ine zikundiwawa, ndipo ndikufuna tithandizane nzeru mmene tingaitulire nkhaniyi kwa akuluakulu athu mwaulemu.

Mayi Nankhoma (Ndirande): Mwafunsa bwino bambo. Kwathunso mzere umenewo kulibe.

Yamikani (Bangwe): Kwathu kiyibodi ili ndi makiyi angapo pakati penipeni amene sakulira. Ndikamaimba ndimachita kuwadumpha. Ndinakauza akomiti, yankho lake linali lakuti tidikire Paper Sunday ya kwaya.

Bambo Matope (Chilomoni): Ine ndine woimba besi komanso msungichuma wa mpingo, choncho mbali zonse ziwiri ndimaziona. Abale, tisamaganize kuti m'thumba la mpingo muli ndalama zimene zikungokhala. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Kiyibodi, mikisa, masipika, zonsezi ndi katundu wochokera kunja, mitengo yake imatsata dola. Chopereka chathu sichitsata dola. Amene amaponya mu mbale ndi mayi wogulitsa tomato, mlonda, mnyamata wa kabaza. Pa ndalama yomweyo tichotse ya ku likulu, malipiro a abusa ndi a mlonda, ESCOM, madzi, thandizo la amasiye ndi odwala. Denga likudontha. Mukanakhala inu pampando wanga, pakati pa malata ndi sipika mukanayamba chiti?

Bambo Chikopa (Zingwangwa): Malata, a Matope, sindingatsutse. Koma malata analembedwa pa pepala, ndiye ngakhale ndalama zichepe amakumbukiridwa. Chimene sichinalembedwe sichikambidwa n'komwe. Ine sindikupempha mamiliyoni. Ndikupempha kuti mpingo uvomereze kuti kuimba ndi ntchito yake, osati ntchito ya kagulu ka anthu okonda nyimbo.

Agogo Mbewe (Soche): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ife tinakula tikuimba opanda magetsi, opanda maikolofoni. Mkulu mmodzi ankangoyambitsa nyimbo, tchalitchi chonse n'kulandira, mawu anayi onse kumveka, mpaka odutsa mumsewu ankaima. Palibe amene ankalandira kanthu. Paulo ndi Sila anaimba m'ndende pakati pa usiku, mapazi ali m'matangadza, ndipo Mulungu anamva. Ambuye anati tinalandira kwaulere, tipereke kwaulere. Nkhawa yanga ndi yakuti tikayamba kuika ndalama pa kuimba, tidzaona anthu akubwera ku kwaya chifukwa cha envulopu.

Abusa Kamwendo (Machinjiri): Agogo, mawu anu ndawalandira, ndipo nkhawa yanuyo ndi yoona. Koma ndiloleni tione mbali ina ya Malemba. Pa 1 Mbiri 23:5 Davide anapatula Alevi 4,000 kuti azitamanda Yehova ndi zoimbira zimene iye mwini anakonzetsa. Zoimbirazo panapita chuma. Pa 1 Mbiri 25:7 tikumva za anthu 288 amene anachita kuphunzitsidwa kuimba, ndiye kuti panali aphunzitsi ndi nthawi yophunzira. Pa 1 Mbiri 9:33 oimba ankakhala m'zipinda za ku kachisi ndipo anamasulidwa ku ntchito zina chifukwa yawoyo inali ya usana ndi usiku. Koma ndime imene imandigwira mtima ndi Nehemiya 13:10. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu anapeza kuti Alevi ndi oimba sakupatsidwa gawo lawo, ndipo aliyense anali atabwerera kumunda kwake. Taonani amene anadzudzulidwa. Sanali oimba aja. Nehemiya anakalipira akuluakulu, kuwafunsa chifukwa chimene nyumba ya Mulungu yasiyidwira. Kenako anaika anthu okhulupirika oyang'anira nkhokwe kuti azigawira abale awo.

Agogo Mbewe (Soche): Abusa, kachisi anali mmodzi wa mtundu wonse wa Israele, ndipo chakhumi cha mafuko onse chinkapita kumeneko. Muno mu Blantyre matchalitchi ali pa ngodya iliyonse, ena akupempherera m'makalasi a sukulu. Aliyense angathe kusunga oimba ngati Davide?

Abusa Kamwendo (Machinjiri): Sangathe agogo, ndipo sindikunena kuti tilembe ntchito kwaya yonse. Ndikunena kuti Malemba saona kuimba ngati chinthu chongochitika chokha. Mpingo uliwonse uchite molingana ndi mphamvu zake, koma uchitepo kanthu.

Yamikani (Bangwe): Agogo, ndiloleni ndiyankhule ngati mdzukulu wanu. Ine sindili pa ntchito. Pa sabata ndimapita ku tchalitchi kukaphunzitsa kwaya ya achinyamata, kwaya yaikulu, ndi gulu lotsogolera matamando, masiku osiyanasiyana. Loweruka kukakhala ukwati ndimakhalapo kuyambira m'mawa. Lamulungu ndimafika anthu onse asanafike kudzalumikiza mawaya, ndimachoka onse atapita nditalongedza. Ndimakhala kutali ndi tchalitchi, ndiye ndi minibasi kupita ndi kubwerera. Sindikugulitsa mphatso ya Mulungu. Ndikungopempha ya thiransipoti ndi kasopo. Anzanga amene tinaphunzira limodzi kiyibodi m'tchalitchi, ambiri pano amaimba m'malo omwera mowa Lachisanu ndi Loweruka usiku, chifukwa kumeneko akamaliza amawapatsa kangachepe kogulira ufa. Ena amabwera Lamulungu m'mawa maso ali ofiira, tulo tili m'mutu, ndipo mpingo umawaweruza. Palibe amene amawafunsa kuti kunyumba adya chiyani.

Agogo Mbewe (Soche): Mwana wanga, zimenezo zandikhudza. Za thiransipoti sindikutsutsa ayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mpingo ukamakutuma uyenera kudziwa mmene wayendera. Chimene ndikukana ndi ichi chimene ndikuchiona masiku ano, mnyamata m'mawa ali ku mpingo uwu, masana ali ku wina, kutsata kumene akulipira bwino, ulaliki ukayamba iye n'kutuluka panja kukaseweretsa foni.

Abusa Kamwendo (Machinjiri): Chimenecho ife abusa tili ndi mlandu nacho. Timalandana oimba pakati pathu. Ndiponso timamufuna mnyamatayo chifukwa cha zala zake basi, osamuyendera kunyumba, osadziwa ngati ali m'kalasi ya ubatizo. Ngati timupatsa kanthu, tizimupatsanso ubusa.

Limbani (Limbe): Ine ntchito yanga ndi yokonza zida za sawundi, ndipo zambiri zimene zimafika pa benchi langa ndi za matchalitchi. Ndikuuzeni zimene ndimapeza ndikatsegula. Mkati mwa kiyibodi mumakhala fumbi lochita kuumbika, mazira a mphemvu, nthawi zina mawaya odyedwa ndi makoswe, chifukwa ikatha ntchito imangotsamiritsidwa kukhoma m'chipinda chosungira katundu, yosaphimba, pafupi ndi matumba a chimanga cha masika. Makiyi amene a Yamikani akuti sakulira aja, nthawi zambiri si vuto lalikulu. Pansi pa kiyi iliyonse pali kamphira kamene kamagunda pa bolodi, fumbi likalowapo kamasiya kugwira. Kupukuta kokha nthawi zina kumakwanira. Koma anthu amadikira mpaka theka la makiyi litafa, kenako n'kuyamba kusonkhetsa ya kiyibodi yatsopano.

Chachiwiri ndi magetsi. Akazima pakati pa mapemphero, anthu amasiya zonse zili zoyatsa. Akabwera mwamphamvu, ampu, chida chokweza mawu opita ku masipika, imapsa pompo. Ena amalumikiza mikisa ku jenereta yaing'ono imene mphamvu yake imangokwera ndi kutsika. Mukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, mmene magetsi ankazimira tsiku ndi tsiku. Chaka chimenecho ma ampu opsa anachuluka kwambiri kwa ine. Surge protector ndi stabilizer, zida zoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu kapena osakhazikika, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ampu, koma sizigulidwa chifukwa pa tsiku lopereka zida kwa Mulungu sizioneka bwino pa chithunzi. Chachitatu, adaputala yeniyeni ikatayika amagula ina iliyonse pamsika bola yalowa pabowo. Imeneyo imapha kiyibodi pang'onopang'ono.

Ndiye a Matope, mzere umene a Chikopa akupemphawo ungathe kukupulumutsirani ndalama. Kandalama kochepa mwezi ndi mwezi ka kukonza, nsalu yophimbira, bokosi lotseka, ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa kuyatsa ndi kuzimitsa mwa dongosolo. Ampu iziyatsidwa pomaliza, izizimitsidwa poyamba. Zokhazo zida zimakhalitsa.

Bambo Matope (Chilomoni): Achimwene a Limbani, zimenezi ndazikopera pambali. Ndikazionetsa ku komiti.

Mayi Nankhoma (Ndirande): Abambo, mwakamba za makiyibodi ndi ma ampu, koma ndikufuna ndikukumbutseni oimba ena amene sagwiritsa ntchito waya ngakhale umodzi. Mu mpingo mukagwa maliro, amene amagona pa siwa ndani? Ndi ife amayi a Mvano ndi makwaya a m'milaga. Timakhala pansi m'nyumba ya maliro, miyendo titatambasula, chitenje china tafunda, kuimba kuyambira madzulo mpaka kucha. Nyimbo ikatha wina amayambitsa ina msanga kuti namfedwa asatsale yekha ndi maganizo. M'mawa timaperekeza mpaka kumanda, kaya ndi ku HHI kaya ndi ku Misesa, tikuimbabe, mawu atasasa. Namondwe Freddy atagwa mu Marichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, maliro anali motsatizana. Amayi a mipingo yosiyanasiyana anaimba mpaka mawu kutheratu. Kunalibe sipika kumeneko. Anthu amene anataya ana ndi makolo tsiku limodzi, ulaliki wautali sankaumva, koma nyimbo ya m'buku imene anaidziwa kuyambira ali ana ankailandira, milomo ikugwedera.

Utumiki umenewu uli ndi zofunika zake. Mabuku athu a nyimbo anathothoka masamba, ena akuyambira pakati. Atsikana amene akulowa kumene alibe mabuku, ndiye amangong'ung'udza. Maliro akakhala kumudzi, ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, timasonkha tokha ya galimoto, ndipo mayi wamasiye amene ali ndi mawu abwino kuposa tonse amatsala chifukwa alibe. Tochi yowerengera usiku timabwereka. Mukamalemba kalata yanuyo musaiwale zimenezi. Nthawi zambiri mukati ndalama za nyimbo, maso onse amapita kutsogolo kumene kuli zida, ife okhala pamphasa osationa.

Bambo Chikopa (Zingwangwa): Mayi, mwatikonza. Zimenezi zikhala pamwamba.

Tadala (Nkolokosa): Ndiwonjezere pa mawu a mayi. Ine ndimatsogolera matamando, zida ndimazikonda, koma ndalama zikapezeka tisathamangire masipika akuluakulu. Mayi anga okalamba anayamba kukhala panja pa khonde nthawi ya matamando chifukwa phokoso limawapweteka m'makutu. Ndipo ndaona kuti voliyumu ikakwera kwambiri anthu amasiya kuimba, amangotiyang'ana ife a kutsogolo, chifukwa sakudzimva okha. Ngati tagula zida n'kutseka pakamwa pa mpingo, ndalamazo zapita pachabe. Bola kuphunzitsa munthu wa pa mikisa kuti adziwe kuti ntchito yake ndi kuthandiza mpingo kuimba.

Agogo Mbewe (Soche): Mwana uyu wanena zimene zinali mumtima mwanga.

Bambo Chikopa (Zingwangwa): Apa ndi pamene ine mtima wanga uli kwenikweni. Kuphunzitsa. Ife tinaphunzira sol-fa kwa akuluakulu amene anaidziwira m'masukulu a mishoni. Mphunzitsi ankalemba d r m f s l t pa bolodi ndi choko, timadontho ndi timizere tosonyeza kutalika kwa mawu, ife n'kumabwereza mpaka sopulano, aluto, tena ndi besi aliyense atagwira njira yake. Nyimbo yoti sunaimvepo unkatha kuitenga pa pepala n'kuiimba. Lero m'makwaya athu ndi angati angathe? Ambiri timaphunzira pomvera pa foni, ndipo aluto amangotsata sopulano chapansipansi. Oimba kiyibodi ambiri amadziwa kiyi imodzi, zina zonse amadina transpose, batani lokweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi. Si kulakwa kwawo, palibe anawaphunzitsa. Akuluakulu odziwa aja akutha mmodzimmodzi, ndipo nyimbo zina za m'buku zasiya kuimbidwa chifukwa palibe wodziwa kuziyambitsa.

Timanyadira tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga pamodzi ndi makolo athu kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo n'koyenera kuchisamala. Nawonso matchalitchi athu atsopano tikuwamanga aakulu, a matailosi. Koma za amene adzatsogolere nyimbo m'nyumba zimenezi zaka zikubwerazi sitikuziganizira. Ku yunivesite ku Zomba amaphunzitsa nyimbo, ku Music Crossroads ku Lilongwe amaphunzitsanso. Mipingo ingapo itagwirizana ingathe kutumiza mwana mmodzi, kapena kuitana mphunzitsi pa tchuthi kuti aphunzitse achinyamata a matchalitchi oyandikana pamalo amodzi. Choko, bolodi, mapepala, nsima ya masana ndi kothokozera mphunzitsi. Sizingafike mtengo wa sipika imodzi.

Bambo Lemani (Chirimba): Ine ndine Mkatolika, ndipereke chitsanzo cha kwathu. Alleluya Band ya ku Balaka inayamba mu 1978 pa parishi, wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici, atasonkhanitsa achinyamata n'kuwapezera zida. Mmenemo munatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda (Luciusyo anatisiya mu 2024), ndipo Balaka inasanduka mudzi wa oimba wodziwika dziko lonse. Chiyambi chake chinali chakuti munthu wa mpingo anaona ana aluso n'kuikapo chuma. Komanso kumbukirani kuti ng'oma ndi visekese zimene timaimbira pa Misa lero zinalowa bwino pambuyo pa msonkhano wa Vatican wachiwiri, wa 1962 mpaka 1965, umene unatsegula khomo la zilankhulo ndi maimbidwe a eni dziko. Ng'oma siifuna ESCOM. Koma nayonso chikumba chikang'ambika pamafunika ndalama, ndipo amisiri osema ng'oma zabwino m'tauni muno ndi osowa.

Yamikani (Bangwe): Bambo Lemani, koma kumeneko thandizo lina linkachokera kunja. Ife ku Bangwe tilibe mzungu.

Bambo Lemani (Chirimba): Zoona achimwene. Koma tili ndi akhristu amalonda, ena ali ku Johannesburg ndi ku UK, amene amatumiza ndalama za matailosi ndi mipando. Sanapemphedwepo za maphunziro a oimba, chifukwa ifeyo sitinaziike pa mndandanda wa zosowa za mpingo.

Bambo Matope (Chilomoni): Tsopano ndiloleni ndinene chimene ambiri simungakonde. Chifukwa china chimene akuluakulu amakayikira kupereka ndalama ku kwaya ndi kasungidwe kathu. Paper Sunday yachitika, ndalama zalowa mu Airtel Money kapena Mpamba ya wapampando, lisiti palibe, lipoti palibe. Pakapita miyezi kwaya yagawikana, ena atuluka ndi gitala akuti tinagula ndife. Makwaya ena ndalama zonse za chaka amathera kujambula vidiyo kunyanja, mayunifolomu atatu osinthasintha, pamene mabuku a nyimbo alibe. Nyimbozo akajambula sakazilembetsa n'komwe ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndiye zikamaseweredwa pa wailesi wopeka sapezapo kanthu, ndipo pambuyo pake pamabuka mkangano wakuti nyimboyo ndi ya ndani. Tikafuna mpingo utikhulupirire, tiyambe ife kuonetsa mabuku oyera.

Tadala (Nkolokosa): Zowawa koma zoona. Komabe a Matope, mbali inayo nayonso ilipo. Kwathu zida zinagulidwa ndi thukuta la kwaya, koma zikabwerekedwa ku ukwati kapena ku chinkhoswe, ndalama ya hayala imalowa m'thumba lalikulu la mpingo. Zikabwerako maikolofoni atafa, akuti kwaya ikonzetse.

Bambo Matope (Chilomoni): Chimenecho n'cholakwika, ndipo n'chosavuta kukonza. Maganizo anga ndi awa. Zida zonse zilembedwe m'kaundula wa katundu wa mpingo, kaya anagula ndani, kuti pasadzakhale wotuluka nazo. Ndalama ya hayala izilowa mu akaunti ya mpingo koma pa tsamba lakelake la nyimbo, ndipo ntchito yake yoyamba ikhale kukonzetsa. Pa tsamba lomwelo pazilowa za Paper Sunday ndi kagawo kochokera mu chopereka, kaya kachepe bwanji, kamene akuluakulu angavomereze. Potulutsa pazisaina anthu awiri, wa kwaya ndi wa komiti ya chuma. Zikatero ine monga msungichuma ndingathe kuimirira pamaso pa akulu a mpingo n'kuikira kumbuyo nkhaniyi popanda manyazi.

Abusa Kamwendo (Machinjiri): Ndipo poitula nkhaniyi musapite ngati odandaula kapena oopseza kuti tisiya kuimba. Pitani ndi pepala losonyeza zimene mumachita pa chaka, maliro, maukwati, misonkhano, kuyendera odwala ku Queens, ndi zimene mwakhala mukulipira m'matumba mwanu. Abusa ambiri sitidziwa. Ine ndemwe za tochi ndi masamba othothoka ndazimva lero kwa mayi Nankhoma, ndipo ndikafunsa amayi a kwathu Lachinayi likubwerali.

Agogo Mbewe (Soche): Ngati kalatayo ilembedwe, ine ndikupempha kuti kalasi ya ana ikhale yoyamba, zida zibwere pambuyo. Sol-fa ndimaidziwabe. Maso ndiwo avuta, koma wina akandilembera zikuluzikulu pa bolodi ndingathe kuphunzitsa. Za malipiro a mwezi ndi mwezi kwa woimba ndikadali ndi mafunso, ndipo ndidzawafunsa pamaso.

Yamikani (Bangwe): Agogo, mukayamba kalasiyo ine ndidzakhala woyamba kulembetsa. Pa bolodi ndizikulemberani ndine.

Bambo Chikopa (Zingwangwa): Ndiye tikumane Loweruka likubwerali 2 koloko masana kuti tilembe chikalata chimodzi chimene aliyense akachisinthe molingana ndi malamulo a mpingo wake, popeza ena nkhani zimadzera ku seshoni, ena ku bungwe la parishi, ena kwa abusa. Malo nditumiza mawa ndikapempha chipinda.

Mayi Nankhoma (Ndirande): Loweruka m'mawa tili ndi ukwati, ndifika mochedwerapo. Ndibwera ndi mlembi wathu wa Mvano, ali ndi kope la zonse zimene amayi asonkha chaka chino.

Limbani (Limbe): A Yamikani, kiyibodi ija mubwere nayo pamodzi ndi adaputala yake, ndidzaitsegule pomwepo ena aonere mmene amapukutira.

Bambo Matope (Chilomoni): Aliyense abwere ndi mndandanda wa zida zimene ali nazo, zamoyo ndi zakufa zomwe, ndi malisiti amene angapezeke. Amene sanaonepo bajeti ya mpingo wake akapemphe kope kwa mlembi lisanafike Loweruka.